Kodi mankhwala otsukira mano olembedwa kuti amapha tizilombo amawayesa bwanji?

Mayi Nachisale, Chitakale

Ndili ndi okala pano pa Chitakale, ndipo mwa zina ndimagulitsa mankhwala otsukira mano, aja tonse timangowatchula kuti kogeti ngakhale atakhala a kampani ina. Ena pabokosi pawo pamalembedwa mawu akuti antibacterial, kutanthauza kuti amapha tizilombo, ndipo mtengo wawo umakhala wokwererapo. Ine mwini ndawagwiritsa ntchito milungu itatu, koma ndikalavula thovu limatulukabe lofiirira ndi magazi. Ndikupempha odziwa andifotokozere mmene akatswiri amatsimikizira kuti mankhwala oterewa amachotsadi litsiro loyanga m'mano ndi kuchepetsa kutupa kwa nkhama, chifukwa ogula akandifunsa ndimasowa chowayankha.

Bambo Mbewe, Thyolo Boma

Mayi, ine ntchito yanga ndi ya mano, choncho ndiyesako kuyankha. Kuyesa kumayambira mu labotale, momwe amaika mankhwalawo m'kambale kokhala ndi mabakiteriya n'kuona ngati afa. Zimenezi pazokha si umboni wokwanira, pakuti mkamwa muli malovu amene amakokolola mankhwala, ndiponso tizilombo timakhala tomatirirana m'litsiro lonanda lija madokotala amalitcha plaque, lomwe mankhwala amavutika kulilowerera. N'chifukwa chake pamafunika kuyesa pa anthu enieni.

Ofufuza amasankha anthu amene nkhama zawo zatupa kale pang'ono, n'kuwagawa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina limalandira mankhwala oyesedwawo, lina limalandira wamba okhala ndi fluoride yekha, amene amateteza mano kuti asabooke. Machubu onse amakhala ofanana, opanda dzina, mswachi ndi umodzimodzi, ndipo woyesedwa ngakhalenso dokotala woyeza sadziwa kuti wapatsidwa ati ndani. Amawayeza tsiku loyamba, pakatha miyezi itatu, ndiponso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Bungwe la madokotala a mano la ku America, American Dental Association, linakhazikitsa mu 1986 zoti kafukufuku wotere azitenga miyezi isanu ndi umodzi ndipo azichitika kawiri ndi magulu osadalirana.

Poyeza litsiro, amapaka mano utoto wofiira umene umangomata pamene pali plaque basi. Munthu amene amadzitama kuti amatsuka bwino akapatsidwa kalirole amagwira pakamwa, chifukwa m'mphepete mwa nkhama ndi m'mipata ya mano mumakhala mofiira psuu. Kenaka dzino lililonse limapatsidwa nambala kuchokera pa 0 kufika pa 5, potsata muyeso wa Quigley ndi Hein wa 1962 umene Turesky ndi anzake anaukonzanso mu 1970: 0 ndi dzino loyera, 2 ndi kamzere kopyapyala kosaposa milimita imodzi m'mphepete mwa nkhama, pomwe 5 ndi pamene litsiro lakuta magawo awiri mwa atatu a dzino kapena kuposa.

Nkhama zili ndi muyeso wake, wa Löe ndi Silness wa 1963, wochokera pa 0 kufika pa 3. Dokotala amayendetsa pang'onopang'ono kachitsulo kobuntha kunsonga m'mphepete mwa nkhama. Zikangosintha mtundu osatuluka magazi amalemba 1, zikatuluka magazi atazikhudza amalemba 2, ndipo zikakhala zotupa kwambiri n'kumatuluka magazi pazokha amalemba 3. Apa m'pomwe pali vuto, chifukwa dzanja la dokotala wina ndi lolemera kuposa la mnzake, motero oyeza amayamba aphunzitsidwa pamodzi mpaka manambala awo azigwirizana.

Aphunzitsi Chirwa, Luchenza

Bambo Mbewe afotokoza bwino, ine ndingowonjezerapo nkhani imene ndimaikonda pophunzitsa sayansi. Mu 1965 ku Aarhus, m'dziko la Denmark, Harald Löe ndi anzake anapempha anthu a nkhama zabwinobwino kuti asiyiretu kutsuka mano. Pakati pa masiku 10 ndi 21 onse nkhama zinatupa, ndipo atayambiranso kutsuka zinachira patangotha sabata imodzi. Njira imeneyi imagwiritsidwabe ntchito poyesa mwachidule, koma mankhwala amaperekedwa popanda mswachi kukhudza mano oyesedwawo, kuti zidziwike ngati ntchito aigwira ndi mankhwala kapena dzanja.

Chimene chimandikayikitsa pa kafukufuku wa miyezi isanu ndi umodzi n'chakuti munthu akadziwa kuti mawa akukamuyang'ana mkamwa amatsuka ngati akupita ku ukwati. Magulu onse awiri amaoneka kuti zinthu zasintha, ndiye chofunika kufunsa ndi kusiyana kwa magulu awiriwo, osati kuti gulu limodzi lasintha bwanji. Bungwe la Cochrane, limene limaunika akafukufuku a zaumoyo, litaphatikiza akafukufuku 30 mu 2013, linapeza kuti mankhwala okhala ndi triclosan, wopha mabakiteriya, ankachepetsa plaque ndi kutupa kwa nkhama ndi 22 peresenti poyerekeza ndi wamba. Phindu lilipo ndithu, koma si lothetseratu vuto. Colgate Total inachotsamo triclosan mu 2019, ndipo masiku ano ambiri mwa mankhwala oterewa amadalira stannous fluoride kapena zinc polimbana ndi mabakiteriya.

Mayi Nachisale, Chitakale

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndiye kuti milungu itatu yangayi ndi yochepa, kapena mankhwalawa akulephera?

Bambo Mbewe, Thyolo Boma

Mayi, pali chinthu chimodzi chimene ndinachidumpha. M'kafukufuku wambiri, asanayambe kuyesa, anthu onse amayamba apalidwa mano kuchipatala, chifukwa plaque ikakhalitsa imauma n'kusanduka chikhokho cholimba ngati mwala, makamaka kuseri kwa mano akutsogolo am'munsi. Chikhokho chimenechi mswachi suchichotsa, ndipo chikakhalapo nkhama zimapitirira kutuluka magazi ngakhale mutagula chubu chodula chotani. Pitani kuchipatala cha boma kwanu ku Mulanje, ku chigawo cha mano, akakuoneni ndi kukupalani ngati kuli kofunika. Ngati muli oyembekezera kapena muli ndi matenda a shuga mukawauze, pakuti zonsezi zimachititsa nkhama kutupa msanga. Pakadali pano musasiye kutsuka pamalo potuluka magaziwo monga ambiri amachitira. Tsukani kawiri patsiku kwa mphindi ziwiri ndi mswachi wofewa, ndipo mukamaliza mungolavula osachukucha ndi madzi.