Corolla yakale sikulira m'mamawa ngakhale batire ndi latsopano

Wa ku Bembeke:
Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za magetsi a galimoto. Ndili ndi Toyota Corolla ya 1998 imene ndimayendera popita kuntchito pa boma la Dedza, ndipo chiyambire mwezi wa June yakhala ikundivutitsa m'mamawa. Ndikapotoza kiyi imangomveka kuti ke ke ke osalira, mpaka anyamata apafupi atandikankha, koma ikangolira imayenda tsiku lonse bwinobwino. Batire ndinagula latsopano miyezi inayi yapitayo. Chinanso n'chakuti usiku ndikaima, nyali zakutsogolo zimachepa mphamvu, ndipo zimawalanso ndikaponda mafuta. Kodi ndigulenso batire lina, kapena ndi kuzizira kwa kwathu kuno?

Makaniko wa pa Ntcheu boma:
Bambo, musathamangire kugula batire musanayeze. N'zoona kuti kukazizira batire limatulutsa mphamvu zochepa ndipo oyilo amalimba, choncho sitata imavutika kuzunguliza injini, koma batire la miyezi inayi silingagonje ndi chisanu cha ku Dedza pokhapokha ngati pali china chimene chikulifooketsa. Pezani multimeter, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi, ngakhale yobwereka kwa anthu oika masola. M'mawa musanalize galimoto, batire lodzaza limasonyeza pafupifupi 12.6 volts, ndipo likafika cha m'ma 12.2 ndiye kuti latsala theka. Injini ikalira muyezenso: alternator, imene imadzaza batire injini ikamalira, ikakhala yabwino imapereka pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kenaka muyatse nyali ndi fani ya hita, ndipo nambala ikatsika kupyola 13, muyang'ane lamba ngati wakhwepa, apo ayi mabulashi a mu alternator atha.

Komabe pa galimoto ya zaka zimenezi, ine ndimayamba ndi waya wa ethi, uja wonenepa amene amachoka pa nsonga ya minus kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Magetsi onse amabwerera ku batire kudzera m'menemo, ndipo akachita dzimbiri pa bawuti, sitata imalandira mphamvu yongokwanira kugogoda basi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani waya mmodzi wa jampa, uja wolizira galimoto ndi batire la galimoto ina, mulumikize minus ya batire ndi chitsulo choyera cha pa injini, kenaka mupotoze kiyi. Ikalira msanga, vuto mwalipeza. Ngati pa matemino, pomwe mawaya amagwira nsonga za batire, pali ufa woyera kapena wobiriwira, mutsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira therere, muumitse, mumange zolimba.

Mayi wa pa Lizulu:
Ndikugwirizana ndi a makaniko, koma ndiwonjezepo zimene zinandichitikira pa Nissan Sunny yanga. Ndinasintha mabatire awiri m'chaka chimodzi ndisanadziwe kuti kanyali ka m'buti sikamazima, chifukwa kaswitchi kake kanapindika ndi matumba a kachewere amene ndimanyamula pa tsiku la msika. Ndinazindikira nditaika foni m'butimo ikujambula kanema n'kutseka, ndipo poonera ndinapeza muli ngwee nthawi yonse. Achimwene, madzulo ano muchotse waya wa minus, galimoto igone choncho, m'mawa mubwezerepo. Ikalira mosavuta, dziwani kuti pali chimene chikumwa batire usiku, ndipo muyambire pa wailesi ngati inaikidwa ndi munthu amene anakoka waya molunjika kuchokera ku batire.

Dalaivala wa ku Linthipe:
Mukamafufuza, mutsegulenso bokosi la mafyuzi. Galimoto zambiri zakale zinadutsa m'manja mwa anthu amene fyuzi ikapsa amakulunga kawaya kapena pepala lasiliva la m'paketi ya ndudu, ndipo zimenezi ndi zimene zimayatsa galimoto moto, chifukwa m'malo moti fyuzi iduke, waya ndi amene amatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Ya 10 amps ibwezedwe ndi ya 10 yomweyo. Ndiponso ngati mumaimika pafupi ndi nkhokwe, muunike pansi pa boneti ndi tochi, popeza nyengo yozizira ino makoswe amakonda kufunda kwa injini ndipo amatafuna mawaya.

Wa ku Bembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Dzulo tinayeza ndi mlamu wanga, ndipo m'mawa batire linasonyeza 12.5, injini ikulira linafika 14.1, kutanthauza kuti batire ndi alternator zilibe mlandu. Titalumikiza waya wa jampa monga munanenera, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Waya wa ethi tinaupeza utabiriwira pa bawuti ya ku injini, ndipo timawaya take tambiri tinali titaduka, kungotsala tochepa kwambiri. Ndaika wina ndipo lero m'mawa, chifunga chili tolo, yalira popanda wondikankha. Mafyuzi awiri ndawapezadi okulungidwa ndi waya, ya wailesi ndi ya mawaipa, ndipo Loweruka ndikagula oyenera.