Ndalama za zojambula zogulitsa pa intaneti mumazilandira bwanji kuno ku Malawi?

Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi funso, amene mukudziwa mundithandize chonde.

Ndimakhala ku Zomba ndipo ndimajambula pa kompyuta: phiri la Mulanje, chambo, zilembo za Gule Wamkulu ndi mapatani a zitenje. Zojambulazi ndimaziika pa Redbubble, iwo amazidinda pa matisheti, makapu ndi masitika munthu akagula, n'kutumiza okha, ine n'kupatsidwa gawo langa. Mafayilo anga ndi a PNG opanda mtundu kumbuyo, ndipo amatuluka bwino ndithu. Masitika a chambo ndiwo akuyenda kwambiri, chinthu chimene chimandisangalatsa.

Vuto ndi kulandira ndalamazo. Zadutsa kale mlingo umene a Redbubble amafuna kuti ayambe kulipira, koma ine sindikutha kuzilandira pa akaunti yotsegulidwa kuno ya PayPal, njira yotumizira ndi kulandirira ndalama pa intaneti. Ndinapempha achimwene anga amene ali ku Johannesburg kuti zizidzera kwa iwo, popeza kumeneko amatapa ndalama za pa PayPal kudzera kubanki ya FNB. Anavomera, koma mtima wanga sukukhazikika kuti akaunti yanga ikhale ndi dzina lina kumalo olandirira, komanso sindifuna kumawavutitsa mwezi ndi mwezi. Ndinafunsanso kubanki yanga, sanandipatse njira yomveka.

Ndaona kuti TeePublic, kampani ina yofanana ndi Redbubble, imalipira kudzera pa Payoneer, njira ina yolandirira ndalama pa intaneti. Alipo pano amene akugwiritsa ntchito Payoneer ali kuno kumudzi? Ndalama zimafika muakaunti ya kwacha patatha masiku angati, ndipo amadula zingati? Nanga potsimikizira komwe mumakhala munatumiza chikalata chanji, poti bilu ya magetsi panyumba pano ili m'dzina la alandilodi?

Zikomo kwambiri.