Kodi khadi la ngongole lolonjeza mpando wa First Class lili ndi phindu kwa ife onyamukira ku Lilongwe?

Nachisale wa ku Area 47 analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi funso lomwe landizunguza mutu sabata yonseyi, ndipo ndikupempha makamaka inu amene mumayenda pandege kawirikawiri kuti mundiunikire. Ndimagwira ntchito m'bungwe lina la zaumoyo kuno ku Lilongwe, ndipo ntchitoyo imanditumiza ku Atlanta kawiri pachaka. Misonkhano ikatha ndimapitirira ku Indiana kukaona achemwali anga. Popeza ndinaphunzirako ku America zaka zapitazo, ndikadali ndi akaunti ya banki kumeneko, ndipo achemwaliwo akundilimbikitsa kuti nditenge khadi la ngongole la Delta SkyMiles Reserve, lomwe limaperekedwa ndi American Express. Iwo akuti ubwino wake waukulu ndi wakuti mwini khadi amalembedwa pa mndandanda wa anthu omwe angasamutsidwire ku First Class popanda kuwonjezera ndalama. Koma khadilo limalipiridwa madola 650 chaka chilichonse, kaya mwaligwiritsa ntchito kaya lakhala m'chikwama.

Chomwe chikundikoka mtima ndi thupi langali. Ulendo wathawu ndinachoka pakhomo m'mawa kulowera ku Lumbadzi, ndipo pomwe ndinkatsika ku Atlanta tsiku lotsatira mapazi anali atatupa moti nsapato ndinachita kuinyamula m'manja, msana nawo ukuwawa mpaka masiku atatu. Kodi khadi limeneli lingandipulumutse ku mavuto otere, kapena ndingotaya ndalama?

Bambo a Tadala a ku Area 18 anayankha:

Mayi Nachisale, zikomo pofunsa musanasaine chilichonse. Ndikupempheni kuti mutenge pepala mulembe ndege zonse zomwe mumakwera paulendo umodzi, kenako mufunse kuti ndi iti mwa ndegezo yomwe lonjezoli likuikhudza.

Kampani ya ndege ya Delta sifika pa bwalo la Kamuzu. Kuti muchoke kuno mumakwera Ethiopian Airlines kupita ku Addis Ababa, Kenya Airways kupita ku Nairobi, kapena Malawi Airlines ndi Airlink kupita ku Johannesburg. Khadi lanulo silingakusunthireni mpando pa ndege iliyonse mwa zimenezi. Ngakhale Kenya Airways, yomwe ili limodzi ndi Delta mu mgwirizano wa SkyTeam, sidzakukhazikani kutsogolo chifukwa cha khadi la kampani inzake. Mukadzera ku Addis Ababa ndiye nkhani yatheratu, chifukwa Ethiopian ili mu mgwirizano wina, wa Star Alliance, kuyambira 2011, ndipo mu 2023 inayamba kuulutsa ndege zakezake zofika ku Atlanta.

Mwina mukuganiza kuti mukadzera ku Johannesburg, komwe Delta ili ndi ndege yopita ku Atlanta mosaima, khadi lidzagwira ntchito. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Mipando yogonamo mowongoka ya pa ndege imeneyo imatchedwa Delta One, ndipo kusamutsidwa kwaulere kwa eni makhadi sikufika pa maulendo aataliatali owoloka nyanja ngati amenewa. Chomwe a ku America amatcha First Class pa maulendo a m'dziko mwawo ndi mpando wotakasuka pang'ono, wokhala ndi malo otambasulirako miyendo, zakumwa, ndipo nthawi zina chakudya ngati ulendowo ndi wotalikirapo. Si bedi ayi. Choncho pa ulendo wanu wonse, womwe umaposa tsiku lathunthu, gawo lokhalo lomwe lonjezoli likukhudza ndi la Atlanta kupita ku Indiana, lomwe silikwana ndi maola awiri omwe. Mapazi anu amatupira pa maola oposa khumi ndi asanu a pamwamba pa nyanja, ndipo kumeneko khadili lilibe mphamvu.

Ndionjezerepo kuti dzina loti First Class kuno kwathu limatisokeretsa. Ethiopian ilibe First Class, malo ake apamwamba ndi Cloud Nine, omwe ndi Business Class. Kenya Airways nayo chimodzimodzi. First Class yeniyeni, ya chitseko chotseka, muipeza pa makampani ngati Emirates, omwe safika ku Lilongwe.

Nangozo wa ku Area 49 anayankha:

Achemwali, zomwe afotokoza Bambo a Tadala ndi zoona, koma ine ndikufuna ndikambe za kaulendo kakafupiko, chifukwa nakonso kali ndi zake. Ndinakhala ku America zaka zisanu ndi chimodzi ndisanabwerere kumudzi, ndipo kwa zaka ziwiri ndinali ndi khadi lofanana ndi limeneli.

Kulembedwa pa mndandanda si kupatsidwa mpando. Mndandandawo uli ndi maudindo ake. Ku Delta, mwachitsanzo, amayamba ndi mamembala a Diamond, kenako Platinum, Gold ndi Silver, anthu omwe amawononga madola masauzande ambiri pachaka pa matikiti, ndipo mwini khadi yemwe alibe udindo uliwonse amabwera pambuyo pa onsewa. Komanso mukagula tikiti yotsikitsitsa mtengo, ya Delta Main Basic (yomwe kale inkatchedwa Basic Economy), simulembedwa n'komwe. Kumbukiraninso kuti Atlanta ndiye likulu la kampaniyo, kotero ndege zonyamuka kumeneko zimadzaza ndi anthu a maudindowo.

Tsiku lomwe ndinazindikira zimenezi sindidzaliiwala. Linali Lolemba m'mawa, ndinali pa bwalo lina lalikulu, mwana wanga wamng'ono ali kumbuyo, chikwama chili m'manja. Pa khomo lokwerera ndege panali sikirini yosonyeza mayina a oyembekezera kusamutsidwa, zilembo zitatu zoyamba za dzina la bambo ndi chilembo chimodzi cha dzina loyamba. Mipando yotsala kutsogolo inali iwiri, koma dzina langa linali patsamba lachiwiri, ndipo ndinaima pamenepo ndikudikira kuti tsambalo litembenuke ndilionenso, ngati kuti kuliyang'ana kukanalikweza. Anaitana anthu awiri, ena tonse tinalowa kumbuyo. M'zaka ziwirizo ndinasamutsidwa katatu kokha, konse Loweruka madzulo, pa ndege zazing'ono zomwe zinali zosadzaza.

Chifukwa chake si chinsinsi. Kale makampani a ndege ankasiya mipando yakutsogolo yambiri yopanda munthu, ndiye ankaigawa kwa makasitomala awo okhulupirika. Masiku ano amaigulitsa. Mukangogula tikiti, foni yanu imayamba kulandira mauthenga okuuzani kuti muwonjezere ndalama zakutizakuti mukhale kutsogolo, ndipo anthu ambiri amalipira. Mpando womwe wagulidwa sungaperekedwenso kwa munthu wa pa mndandanda. Ndiye inu amene mudzakwere ndege za m'dzikomo kanayi kokha pachaka, mungathe kulipira madola 650 zaka ziwiri zotsatizana osaulawa mpandowo ngakhale kamodzi.

Agogo a Mphatso a ku Area 10 anayankha:

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa, koma tisaliweruze khadili ndi chinthu chimodzi chokha, poti achemwali ake a Mayi Nachisale sakunama. Kwa munthu wokhala ku America, khadi limeneli lili ndi zina zomwe zimawerengeka bwino kuposa kusamutsidwa. Limapereka tikiti ya woperekeza kamodzi pachaka mukalilipiriranso chaka china, moti mukagula tikiti yanu mnzanu amangolipira misonkho. Limalola kulowa m'zipinda zodikiriramo za Sky Club, ngakhale kuti kuyambira 2025 anachepetsa kufika pa maulendo 15 pachaka kwa amene sagula zambiri ndi khadilo. Chikwama choyamba sichilipiridwa pa ndege za kampaniyo. Mwana wanga amene ali kumeneko amayenda mwezi ndi mwezi, ndipo kwa iye ndalamazo zimabwerera. Achemwali anuwo akulankhula monga munthu wa ku Indiana, inu muyeze monga munthu wa ku Area 47.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa kabwezedwe. Ndinagwira ntchito ya zowerengera ndalama zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene ngongole ya ndalama zakunja imapwetekera munthu wolandira makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ngongole ya madola tsiku limenelo anagona ndi ngongole imodzi n'kudzuka ndi ina yaikulu, asanagule kanthu kalikonse. Tonse tikudziwanso kuti kupeza madola kubanki kuno si kwa tsiku limodzi. Umalemba mafomu, umapereka zikalata, kenako umadikira. Khadi la ngongole silidikira. Tsiku lolipira likadutsa pamabwera chindapusa, ndipo chiwongoladzanja cha makhadi otere ku America nthawi zambiri chimaposa 20 peresenti pachaka. Ngati muli ndi madola omwe amalowa mu akaunti yanu ya kumeneko mwezi uliwonse, nkhawa yangayi ichepa. Ngati mudzadalira kusintha makwacha, ndikukupemphani kuti musalitenge.

Nachisale wa ku Area 47 anayankhanso:

Zikomo kwambiri Bambo a Tadala, achemwali a Nangozo ndi inu Agogo. Malipiro anga ndi a makwacha, ndipo madola omwe ndimakhala nawo ndi otsala pa ndalama za paulendo basi. Sindinkadziwa kuti ndege ya ku Johannesburg siili m'gulu la lonjezoli, ndipo pamenepo ndi pomwe panali chiyembekezo changa chonse. Nanga ngati cholinga changa ndi kufika ku Atlanta msana uli bwino, ndalama yomweyo ndingaiike pati?

Bambo a Tadala a ku Area 18 anayankhanso:

Mayi, yambani ndi zomwe sizifuna ndalama. Sankhani njira imodzi ndipo muikakamire, m'malo modzera ku Nairobi lero, ku Johannesburg mawa. Ngati ndi Ethiopian, lembetsani ku ShebaMiles, dongosolo lake lopatsa okwera ndege mapointi otchedwa mamailosi, komwe kulowa ndi kwaulere, ndipo muonetsetse kuti nambala yanu yalembedwa pa tikiti iliyonse, ngakhale yomwe yagulidwa ndi a kuntchito. Ambiri amataya mamailosi chifukwa wogula matikiti mu ofesi sanapatsidwe nambalayo. Maulendo awiri a ku America pachaka ndi mtunda waukulu, ndipo mamailosi amenewo mungathe kuwagwiritsa ntchito kupempha Cloud Nine pa gawo lalitali, malinga ngati mtundu wa tikiti yanu ukulola. Funsani za mtundu wa tikitiwo isanagulidwe, chifukwa matikiti otsika mtengo kwambiri kawirikawiri saloledwa kukwezedwa. Ngati mumakonda kudzera ku Nairobi, Kenya Airways ili ndi dongosolo lake lotchedwa Asante Rewards lomwe linayamba mu 2023.

Kenako madola 650 aja muwasunge padera ngati thumba la msana wanu. Masiku ochepa ulendo usanachitike, yang'anani imelo yanu ndi tsamba la kampaniyo, chifukwa makampani ambiri amapereka mwayi woti munene ndalama yomwe mungawonjezere kuti mukhale kutsogolo, ndipo mungafunsenso pa kauntala polembetsa katundu ngati pali mpando wotsala ndi mtengo wake. Nthawi zina mtengowo udzaposa thumba lanu, ndipo mudzangoukana osataya kanthu. Zikakanika, lipirani mpando wa pafupi ndi khomo lotulukira pangozi, womwe uli ndi malo otambasulira miyendo ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi Business Class. Ine ndimasankha wa m'mbali mwa kanjira kuti ndizitha kuimirira ndi kuyendayenda maola awiri aliwonse popanda kudzutsa mnzanga.

Popeza mumagwira ntchito ya zaumoyo, nkhani ya kutupa kwa mapaziyo muitengerenso kwa dokotala musananyamuke ulendo wotsatira, akuuzeni ngati masokosi othina aja a paulendo angakuthandizeni. Ngati dokotala alemba kalata, kaipereke kwa akuluakulu a kuntchito kwanu, chifukwa mabungwe ena ali ndi lamulo lolola mpando wabwinopo pa ulendo wautali pakakhala chifukwa cha zaumoyo.