Mayi odwala mutu wosatha, malungo palibe: ndiyambe amitriptyline?

Clinician wa ku OPD: Anzanga ndithandizeni nzeru. Pali mayi a zaka za m'ma 30, abwera kanayi m'miyezi iwiri. Dandaulo ndi lomwelomwelo: mutu, kuphwanya m'thupi, mtima kuthamanga, tulo sakupeza. mRDT (kuyeza malungo) katatu konse negative, BP ili bwinobwino, ine ndangokhala ndikulemba panado. Lero ndinakhala nawo pansi ndi PHQ-9 ya Chichewa ija (mafunso 9 oyezera matenda a kukhumudwa), apeza 17 pa 27, ndipo funso la 9, lofunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, ayankha kuti "masiku ena". Ku pharmacy, pa mankhwala a kukhumudwa, fluoxetine adatha, kwatsala amitriptyline yekha. Ndiyambitse kapena nditumize?

Namwino wa ku ART: Achimwene, Hb mwayeza? Mimba? HIV? Magazi akachepa munthu amafooka chimodzimodzi, mtima n'kumagunda. Ngati ali pa ma ARV funsani kuti ndi ati. Nthawi ya efavirenz, tisanasinthe kupita ku TLD mu 2019, maloto oipa ndi kukhumudwa tinkaziona kwambiri.

Clinician wa ku OPD: Hb 12.4, mimba palibe, HIV negative. Amuna awo adapita ku Joni chaka chatha, ndalama adasiya kutumiza, foni sayankha. Mayiwa ali ndi ngongole ku banki m'khonde, akuti amathawa anzawo pa mjigo.

Medical assistant: Ndiye amenewa si mavuto a m'banja chabe? Mapilisi abweza ngongole? Ine ndikanawauza akaonane ndi abusa kapena ankhoswe.

Namwino wa matenda a maganizo: Achimwene a MA, shuga wobwera chifukwa cha kadyedwe timasiya kumuchiza poti tikudziwa gwero lake? Ngongole ndi mwamuna wothawayo ndiye zayambitsa, inde, koma munthu amene watha milungu yoposa iwiri alibe chomusangalatsa, sakudya, sakugona, kumunda sakupita, ameneyo wadwala. Kuno kwathu sabwera n'kunena kuti ndakhumudwa. Amati mutu, amati mtima, ukakumba ndi pomwe amati "ndikuganiza kwambiri". Abusa asachotsedwe, koma asalowe m'malo mwa chipatala.

Tsono funso la 9 lija ndi lomwe landiimitsa mutu. Musalizungulire. Afunseni maso ndi maso: aganizapo njira? Adayesapo kale? M'nyumba muli chiyani? Kufunsa sikuika ganizolo mumtima mwa munthu, ambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa. Ngati ali ndi pulani, kapena adayesapo posachedwa, asabwerere okha kunyumba lero. Atumizeni ku chipatala cha boma la kwanuko ndi wowaperekeza, kumeneko ndi komwe angaone ngati n'koyenera Zomba Mental kapena St John of God.

Clinician wa ku OPD: Ndafunsa asisi. Akuti pulani alibe, akaganiza za ana awiri aja ganizolo limachoka. Abwera ndi mng'ono wawo, ali panja.

Namwino wa matenda a maganizo: Chabwino. Funsaninso chimodzi musanalembe: kodi inalipo nthawi imene ankatha masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, kuyankhula osalekeza, kumwaza ndalama? Ngati eya, musapereke, mungadzutse mania. Za mowa ndi vuto la mtima funsaninso.

Ngati zonsezo ayi, amitriptyline 25mg usiku, muzikweza pang'onopang'ono. Koma chonde, osapereka a mwezi wathunthu. Mankhwalawa ndi oopsa munthu akamwa ambiri nthawi imodzi. A sabata imodzi basi, asunge mng'ono wawoyo, ndipo achotsenso mankhwala a makoswe ndi a mbewu m'nyumbamo. Muwauziretu kuti kukamwa kudzauma, m'mawa adzadzuka ndi tulo, ndipo mtima sudzapepuka mawa lomwe, pamatenga milungu iwiri mpaka inayi, ena isanu ndi umodzi. Mukapanda kunena amasiya tsiku lachitatu kuti sakugwira. Akachira asasiye, mhGAP ya 2016 (malangizo a WHO pa matenda a maganizo) inati apitirize miyezi 9 mpaka 12.

Namwino wa ku ART: Ndiwonjezere za a MA, poti funso lawo silinali lopusa. Pilisi payekha sakwana. Friendship Bench ija ya Dr Dixon Chibanda ku Harare, agogo amangokhala ndi munthu pabenchi, kundandalika mavuto, kusankha limodzi, kulipezera njira. Ku Chishona matendawa amati kufungisisa, kuganiza kwambiri komweku. Inu sankhani nawo vuto limodzi, mwina kukapempha gulu la banki kuti azibweza pang'onopang'ono. Za bambo a ku Joni zisiyeni kaye, zimenezo sangazithe sabata ino.

Medical assistant: Ndamva akuluakulu. Koma pamzere wa anthu 100 nthawi yokhala pabenchi muitenga kuti?

Clinician wa ku OPD: Ndawapatsa Lachinayi 2 koloko, mzere utaphwa. Mania palibe, mowa samwa. Mapilisi 7 ali m'manja mwa mng'ono wawo, ndipo HSA wa m'mudzi mwawo avomera kuti awazonde Lolemba, mayiwa alola. Amene ali ndi fluoxetine wotsala ku pharmacy kwake andiuze ku inbox.