Madzi akangosiya, zimbudzi zathu za gulu zimafa. Tichite bwanji?

Moni nonse a pagulu. Ndine mlembi wa komiti yoyang'anira zimbudzi ndi mabafa a gulu kwathu kuno, dera lothithikana la m'tauni lomwe nyumba zinangomera popanda pulani. Bungwe lina linatimangira zimbudzi zogejemula zisanu ndi chimodzi, mabafa anayi ndi mpope wogulitsira madzi. Linatipatsa makiyi, linatijambula zithunzi, n'kupita.

Chaka choyamba zinkayenda. Pano madzi akumabwera pakati pa usiku, mwina kutha masiku atatu mpope uli gwa. Chogejemula chopanda madzi mukuchidziwa. Munthu amafika pakhomo, fungo n'kumulonjera, iye n'kubwerera ndalama ili m'manja. Olipira akuchepa koma bilu ikungokwera, ndipo atichenjeza kale kuti atidulira. Mayi amene amakolopa sanalandire miyezi iwiri. Dzulo m'mawa ndinapeza mopu ndi ndowa atazitsamiritsa pachitseko changa, eni ake osanena kanthu.

Ena mu komiti akuti tikweze mtengo, ena akuti tikumbe chitsime pambali pake. Inu amene munayendetsapo zoterezi, tiyambire pati?

Pulambala wopuma:
Achimwene, musanakweze mtengo yambani mwaona ngati simukulipirira madzi olowa pansi. Madzi akabwera tsekani mipope yonse, muyang'ane mita. Ikamayendabe, pali podontha. Nthawi zambiri ndi kathanki kogejemulira, kamphira kakatha madzi amangosefukira m'mbale usiku wonse. Komanso kathanki kamodzi kamataya malita 6 mpaka 9 pa munthu mmodzi, pomwe chimbudzi chothira ndi chitini chimangofuna malita 2 kapena 3. Chotsani timathankito, muike zothira pamanja. Kenako thanki yaikulu pamwamba yokhala ndi valavu yodzitseka yokha, kuti madzi a usikuwo azilowa inu muli mtulo. Madzi ochokera m'mabafa musamataye, atcherezeni mu dramu, ndi ogejemulira amenewo.

Wazaumoyo:
Za chitsimezo ayi chonde. Chitsime chimayenera kutalikirana ndi dzenje la chimbudzi mamita osachepera 30, ndiye malo othinana ngati kwanuko mamita amenewo muwapeza kuti? Mudzanena kuti n'chogejemulira chokha, koma tsiku lomwe mpope wauma ana adzatunga n'kumwa. Kolera amayamba choncho. Za thanki ndagwirizana nazo, bola ikhale yotseka, muziitsuka ndi kuthiramo klorini. Ndipo madzi achepe bwanji, osamba m'manja ndi sopo asamasowe pakhomo.

Mayi wa ana atatu:
Mukakweza mtengo ife a mabanja aakulu tibwerera ku mapepala apulasitiki ndi ngalande. Tawerengani, anthu asanu, aliyense kawiri patsiku.

Wogwira ntchito zachitukuko:
Amayi akunena zoona. Kulipira pakhomo nthawi iliyonse kumathamangitsa osauka ndi ana. Ku Mumbai ndi ku Pune, ku India, zimbudzi zambiri za gulu zimayendera khadi la pamwezi la banja lonse, odutsa okha ndi amene amalipira pakhomo. Zina zomwe anamanga a bungwe lothandiza anthu a m'madera osauka la SPARC ndi gulu la amayi la Mahila Milan zili ndi chipinda cha wosamalira pamwamba pake, moti amagona pomwepo, ndipo ana anawapangira malo awoawo. Munthu sangalekerere fungo pansi pa bedi lake.

Chomwe ndaona ine n'chakuti zimbudzi pazokha sizidzilipirira. Ndalama imachokera ku mabafa ndi ku mpope. Ndiye muigawe patatu isanasakanikirane: ya bilu, ya wosamalira, ndi ya kupopa dzenje likadzaza. Yachitatuyi aliyense amaiiwala mpaka tsiku lomwe zonyansa zatulukira pamsewu. Ngati galimoto yopopa singalowe m'tinjira tanu, funsani za pampu yamanja yotchedwa Gulper.

Musasiyenso kugogoda ku khonsolo. Ku Durban, ku South Africa, khonsolo ya mzindawo ya eThekwini imalipira yokha osamalira zimbudzi za m'madera otere, anthu n'kumalowa ulere. Ngakhale ku Orangi, dera la mumzinda wa Karachi ku Pakistan, komwe anthu anayamba kudziikira okha mapaipi a zonyansa m'tinjira tawo m'zaka za m'ma 1980, mapaipi aakulu anali udindo wa boma.

Wosabisa mawu:
Zonsezi n'zabwino, koma ndalama za chaka choyamba chija zinapita kuti? Makomiti inu timakudziwani.

Mlembi wa komiti:
Bwana, funso lanu lapweteka koma sindikukanani. Ndalama zinkasungidwa m'chitini kwa msungichuma, kope linalipo koma masiku ena silinkalembedwa. Sindikuti wina anaba, kungoti umboni woti sanabe tilibe. Loweruka tikumana, ndikapempha kuti titsegule akaunti yosainira anthu atatu komanso tizimata ziwerengero pakhoma mwezi ndi mwezi.

A pulambala, ndapita kukaona mita usiku uno madzi atabwera. Mipope yonse yotseka, koma kamuvi kakuzungulirabe pang'onopang'ono. Ndiyambe kutsegula timathanki, kapena ndiyambe kutsata paipi yochokera ku mita?