Kodi bolopeni anayambitsa ndani kwenikweni?

Abale anga thandizeni, mwana wanga wa Fomu 2 wabwera ndi homuweki yoti alembe za munthu amene anayambitsa bolopeni, ndiye ine mwamatama ndamuuza kuti ndi László Bíró, mtolankhani wa ku Hungary uja anaona kuti inki yosindikizira nyuzipepala imauma msanga, iye ndi m'bale wake György nkukonza cholembera chokhala ndi kampira kachitsulo kunsongaku, patenti (chikalata chotsimikizira kuti lusolo ndi lawo) mu 1938, kenako nkusamukira ku Argentina nthawi ya nkhondo. Koma mwanayu wandibweza eti, akuti mnzake wapeza kuti John Loud wa ku America anali nayo kale patenti mu 1888, kungoti yakeyo inali yolembera pazikopa, papepala simayenda bwino. Nde pamenepa tilembe ndani? Amene anayamba kuganiza kapena amene yake inagwiradi ntchito? Aphunzitsi muli muno mumachonga yankho liti?

Nanga Marcel Bich, amene anatulutsa Bic Cristal mu 1950, timutchuleko kapena zichuluka? Ikufunika Lachisanu, peji imodzi basi. Bic yomwe akulemberayo ndi ija ndinabwera nayo kuchokera ku ofesi, kachivindikiro anakatafuna kale.