Yesu wakuda atakhala pamphasa, chithunzichi tichipachike m'tchalitchi?

NaPhiri_waLizulu:
Abale ndithandizeni maganizo. Kutchalitchi kwathu tamaliza kupaka laimu ndiye tinasonkherana m'miphakati nkupempha mnyamata wina waluso kuti atijambulire Mgonero Womaliza pachinsalu chachikulu. Wabweretsa sabata yatha koma eee nkhani yavuta. Yesu wamujambula wakuda ngati ife, wakhala pamphasa m'nyumba yaudzu, ophunzira amuzungulira ena afunda mabulangete ngati mmene timachitira mu June kuno, pakati pali mbale ya nsima ndi chipanda cha thobwa. Ine zandikhudza kwambiri makamaka manja ake, ndi okhakhala, a munthu woti wagwirapo khasu. Koma akuluakulu ena akuti ndi chipongwe, Yesu sanali Mngoni. Kodi talakwitsa?

Aphunzitsi_Mtakataka:
Amayi, akuluakuluwo ayambe afika kaye ku Mua. Mishoni ija anatsegula ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 bambo Claude Boucher ochokera ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda woti a Chisale, anayambitsa Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe. Kumene kuja anthu asema ndi kujambula Yesu ndi Amayi Maria a nkhope zathu kwa zaka zambirimbiri ndipo ntchito zawo zili m'matchalitchi.

Chithunzi chomwe akuluakuluwo akuchiganizira, cha tebulo lalitali chomwe chimagulitsidwa m'mafulemu ku Dedza boma chija, ndi cha Leonardo da Vinci, anajambula pakhoma la chipinda chodyera cha amonke ku Milan cha m'ma 1490. Nkhope ndi za ku Italy, nsalu ya patebulo ndi ya ku Italy, onse wawakhazika mbali imodzi kuti tiwaone bwino. Koma werengani Yohane 13, wophunzira uja anatsamira pachifuwa cha Yesu chifukwa nthawi imeneyo pamaphwando ankadya chotsamira. Ndiye nayenso Leonardo anajambula zakwawo. Aku Ethiopia nawo akhala akujambula angelo a nkhope zawo kuyambira kale, denga la tchalitchi cha Debre Berhan Selassie ku Gondar ladzaza nawo.

Achimwene_aBembeke:
Za khungu, mphasa, mabulangete, ine ndilibe nazo vuto ngakhale pang'ono. Pomwe ndikukana ndi pa nsima ndi thobwapo. Usiku umenewo Ambuye anatenga mkate ndi chikho cha vinyo nkunena kuti ili ndi thupi langa, awa ndi magazi anga, ndipo mpaka lero pa Misa ndi zomwezo zomwe wansembe amakweza. Mwana wokonzekera Ukaristia woyamba azikhala pabenchi akuyang'ana chithunzicho Lamulungu lililonse, kwa iye ndi katekisimu ameneyo, ndiye akaona chipanda kukhoma nkuona chikho paguwa mumuyankha bwanji? Wojambulayo asiye zonse mmene zilili koma m'manja mwa Yesu muikidwe mkate.

Mdzukulu_waKasumbu:
Ine ndisanamizire, sindikugwirizana nazo zonsezi. Yesu anali Myuda, anabadwira ku Betelehemu nthawi ya Herode, si nthano yoti aliyense aziikonza mmene wafunira. Wamzungu wa tsitsi lofewa uja ndi wolakwika inde, koma kumusintha nkukhala Mchewa ndi kulakwitsanso komweko. Komanso muwamvetse agogo athu, iwowa anakula akuona Maliya ndi Simoni akutuluka kudambwe pa gule wamkulu, nthawi yomwe mishoni ndi anyau sankamwerana madzi, ndiye akaona zachikhalidwe zikulowa m'tchalitchi mitima imawawa, si umbuli ayi.

Wapenti_Ntcheu:
Inenso ndimajambula, masaini ndi omwe amandidyetsa koma za m'tchalitchi ndagwirapo. Achimwene a ku Bembeke anena zoona ndipo kukonza kwake nkosavuta, ngati anagwiritsa penti wa akiliki amauma msanga, apakapo kamodzi nkujambula mkate pamwamba, koma ngati ndi wa oyilo adikire aume kaye apo ayi zisakanikirana nkuda bii. Chipanda atha kuchisiya pambali ngati cha madzi osambitsira mapazi, beseni ndi nsalu yopukutira zili mu Yohane momwemo.

Kwa amdzukulu, munthu akandipatsa ntchito yotere sindikhala ndikunena kuti Yesu anabadwira ku Tsangano, ndimakhala ndikufuna mayi wogulitsa kachewere pamsewu akalowa aone kuti mgonerowo iyenso waitanidwa. Pomwe ine pamandivuta ndi pa Njira ya Mtanda. Yesu ukamujambula wakuda, nanga omukwapulawo ujambula ndani? Ukawapatsa zishango ndi nthungo Angoni akwiya, ukawasiya azungu ndiye chithunzi chayamba kunena za atsamunda. Ine ndimawasiya asilikali achiroma ndi zisoti zawo koma nkhope ndimazibisa mumthunzi.

NaPhiri_waLizulu:
Zikomo nonse. Mnyamata uja ndamuimbira, akuti ndi akiliki ndipo za mkate wavomera, koma mabulangete wakanitsitsa kuchotsa. Loweruka tipita nacho kwa bambo mfumu pamodzi ndi akuluakulu awiri omwe akukanawo kuti nawonso akanene okha maganizo awo.